Chowinda cha Pamadzi

"Bwezani chikwamacho m'nyumba, atate ake Thecla. Ndati chibwezeni."

Gidiyoni sanachibweze. Anaima pakhomo la nyumba yawo ku Kavalamanja, chikwama cha zovala za mwana chili kukhwapa. Mwanayo, Thecla, wa zaka khumi ndi zinayi, anali kumbuyo kwa atate ake, maso pansi ngati ndiye wolakwa. Dorika, mkazi wa Gidiyoni, anali atangochoka kuthandala komwe amayanika nsomba, mamba ali mbuu m'mikono.

"Amake Thecla, nkhaniyi tinakamba kale. Ndinawinda pamaso pa Mulungu."

"Munakamba ndi ndani? Ine munangondiuza, simunandifunse."

"Mukanakhalapo pamadzi paja simukanakamba tero. Mvuu inang'amba bwato pakati ngati chipanda. Mnzanga Fernando ndinamuona ndi maso angawa akumira, dzanja lokha lili pamwamba. Ine ndinagwira bango, madzi akundikoka miyendo, ng'ona zili pamchenga tsidya. Ndinati, Ambuye, mukanditulutsa muno, mwana wanga woyamba ndi wanu. Ndipo ananditulutsa."

"Anakutulutsani ndi asodzi a ku Kanyemba, ndi boti yawo ya injini."

"Anawatuma ndani?"

"Kaya. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Amamira ndinu. Bwanji simunadziwinde nokha? Bwanji simunati, Ambuye, ndikatuluka ndisiya kachasu, ndidzasesa tchalitchi mpaka kufa? Munayendetsa maso m'nyumba yonseyi muli m'madzi momwemo. Mwaona njinga yanu, mwailumpha. Mwaona wailesi yanu, mwailumpha. Mwafika pa mwana wanga, mwati eya, uyu ndiye wotchipa."

"Musachimwe ndi pakamwa."

"Pakamwa panu ndi pamene patichimwira."

Vuto silinali chowindacho chokha, ayi. Anthu amawinda zambiri madzi akafika pakhosi, akatuluka n'kuiwala. Koma Gidiyoni anakaima m'tchalitchi Lamulungu n'kuchitira umboni, misozi ili chuchuchu. Abusa Robson atamva, anaimirira ndi Baibulo lawo n'kunena kuti pangano ndi pangano, mwanayo akakhale kunyumba ya abusa, akatumikire ngati Samueli kwa Eli. Mpingo wonse unati ameni. Dorika tsikulo anali ku Boma ndi dengu la nsomba.

"Masabata atatu chabe atsala kuti alembe mayeso a Giredi 7," anatero Dorika. "Atatu. Mulungu wanuyo, amene anadikira zaka makumi anayi m'chipululu, sangadikire masabata atatu?"

"Abusa akuti chowinda sachedwa nacho. Kusukulu azipitabe, atero."

"Azipitabe. Ndipo inu mwakhulupirira."

Dorika anamugwira mwanayo padzanja n'kukoka. Gidiyoni anagwira dzanja linalo. Anthu a nyumba zapafupi anayamba kusuzumira m'mipanda.

"Amama, mukundipweteka," anatero Thecla ndi mawu apansipansi.

Dorika anasiya. Anawayang'ana akutsika njira ya kutchalitchi, bambo patsogolo, mwana pambuyo, mpaka anabisika ndi mitengo ya masau.

Sabata isanathe, zimene amaopa zinaoneka. Lachinayi dzuwa lili pamutu, dzuwa lija la Okutobala losenda mapazi, Dorika anapeza mwana wake kudooko, ndowa pamutu, khanda la amai abusa kumsana.

"Iwe, anzako ali kuti?"

"Kusukulu."

"Nanga iwe?"

"Amai abusa ati ndikatha kutunga ndikagulitse vitumbuwa. Ati za sukulu tiona mawa."

"Dzulo anati chiyani?"

"Anati mawa."

Dorika sanafunsenso. Anatsogola, mwana pambuyo, molunjika kunyumba ya abusa. Anawapeza abusa Robson pakhonde, atavula nsapato, akudzikupiza ndi chikuto cha kope. Anagwada monga mwa mwambo, koma anagwada ngati munthu wofuna kudumpha.

"Amake Thecla, mtendere wa Ambuye."

"Mtendere uli kwanu kuno, abusa, poti muli ndi wantchito wosalipira. Ndabwera kudzatenga mwana wanga."

Abusa anaseka pang'ono. Anali munthu wa mawu ofewa, wosakalipa, ndipo kufewako ndi kumene kumamutopetsa Dorika.

"Mwana si wanunso, amai, ndiponso si wanga. Hana anapereka Samueli ali wamng'ono kuposa uyu."

"Ine sukulu ndinalekera Giredi 3, Baibulo lanulo sinditha kuwerenga, koma makutu ndili nawo. Hana anapereka mwana amene anamupempha yekha, ndi pakamwa pake. Ine anandifunsa ndani? Ndipo mundiuze, Eli uja ankamutuma Samueli kukagulitsa vitumbuwa? Ankamutuma kukatunga madzi kudooko kuli ng'ona?"

"Kutumikira kulibe ntchito yaing'ono."

"Ngati ilibe kuchepa, atumikire amai abusa."

"Amai, Malemba amati mwamuna akhoza kufafaniza chowinda cha mkazi wake. Palibe pamene amati mkazi afafanize cha mwamuna. Yefita anawinda, ndipo mwana wake wamkazi sanakane. Onani Fernando. Anali m'bwato limodzi ndi amuna anu. Mmodzi anapangana ndi Mulungu, wina sanapangane. Ali kuti Fernando lero?"

"Ndiye kuti Fernando anafa chifukwa analibe mwana wamkazi woti apereke? Mukamuuze mkazi wake mawu amenewo, ine ndikuperekezani."

Abusa anasiya kudzikupiza.

"Chaka chatha pa Pasaka," anapitiriza Dorika, "munalalikira pano mpaka mawu anakuthawani. Munati Yesu anatiombola ndi mwazi wake, kamodzi kokha, zonse zinatha. Ndinalipo, ndinaimba nawo. Manje ngati Yesu anamaliza, mwana wanga akumalizira chiyani?"

"Izo ndi za machimo. Izi ndi za chowinda."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwakhala pa Baibulo, ndikukanthani bwanji? Chabwino. Tiyeni m'Baibulo momwemo. Abrahamu anakwera phiri ndi Isake, mpeni m'manja. Anatsika ndi ndani?"

"Ndi Isake."

"Mulungu analandira chiyani?"

"Nkhosa yamphongo."

"Ine nkhosa ndilibe. Ndili ndi mbuzi."

Mudzi wonse umalidziwa khola la Dorika: mbuzi zisanu, zonenepa ndi masau, zogula ndi thukuta lake la nsomba, Gidiyoni osaponyapo ngakhale chingwe. Abusa anatsegula Baibulo n'kuyamba kutembenuza masamba pang'onopang'ono, akunyambita chala.

"Ndithu, muli ndi nzeru ngati mkazi wa ku Kanani uja. Mu Levitiko mulidi mawu akuti munthu wowindidwa akhoza kuomboledwa. Wansembe ndiye amayesa mtengo wake."

"Mwawakumbukira manje mawuwo. Yesani tione."

"Moyo wa munthu si chinthu chapafupi. Zisanu."

"Abrahamu anapereka imodzi."

"Ija inachokera kwa Mulungu mwini, inali yopanda chilema."

"Zanganso zilibe chilema. Imodzi, tonde wamkulu uja."

"Amai, pano si pamsika wa ku Boma. Zinayi."

"Mwayambitsa msika ndinu. Yang'anani mwanayo, miyendo ngati bango, kudya amadya kwambiri, mbale amaswa. Ndani angapereke mbuzi zinayi? Ziwiri."

Thecla anali chiimire pambali, khanda kumsana, akumva amake akumutsitsa mtengo ngati nsomba yagona. Dorika anamuona, koma analibe nthawi yomuuza kuti ndi mmene malonda amayendera.

"Zitatu," anatero abusa, "ndipo ikhalepo ija ya bere."

"Ya bere ndi mbuzi ziwiri. Mukaitenga, muwonjezerapo imodzi basi."

"Chobadwa sitinachione."

"Ndiye ya bere isiyeni. Tonde ndi misoti iwiri, nkhani ithe. Mukakana, Lamulungu ndidzaima m'tchalitchi, nanenso ndichitire umboni. Wanga udzakhala wautali kuposa wa amuna anga."

Anagwirizana pa zitatu, ya bere inatsala. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, Dorika anazikoka yekha mpaka pabwalo la abusa, Gidiyoni akumutsata pambuyo ngati wopita kumaliro. Abusa anaika dzanja pamutu pa Thecla n'kupemphera. Atatha, anatembenukira kwa Gidiyoni n'kulankhula mofewa muja.

"Ine ndamumasula, achimwene, monga mwa Malemba. Koma pamadzi paja ine panalibe. Munali inu ndi Mulungu. Ngati walandira mbuzi m'malo mwa chimene munamulonjeza, izo tidzazionera pamadzi pomwepo."

Dorika anangoti ndi mawu a munthu waluza malonda. Anatenga chikwama, anatenga mwana, ulendo. Panjira amaimba ndi kuimba komwe. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Thecla anabwerera kusukulu. Ahedi anakalipa, koma dzina lake linali lidakali pamndandanda wa olemba mayeso. Gidiyoni yekha ndiye anasintha. Masiku amene mwana anali kwa abusa, bamboyu anali atayambanso kulowa pamadzi ndi bwato la mlamu wake Lawrence. Kuyambira tsiku la mbuzi sanapondenso kudooko. Amakhala pansi pa mtengo wa mtondo, akusoka ukonde wosang'ambika. Lawrence anabwera kawiri kudzamuitana, ulendo wachitatu anatumiza mawu akuti akapanda kubwera Lolemba, malo ake alowapo wina.

Thandala linauma. Kudimba chimanga chinali chitapserera, njovu zitamaliza chotsala. Ufa m'thumba unafika poti Dorika amachita kukutumula. Masabata awiri anapirira, ndipo kwa Dorika masabata awiri ndi chaka. Lamulungu masana, mayeso ali mawa lake, anaphulika.

"Mawa mulowa m'bwato."

"Sindilowa."

"Tidya ukondewo?"

"Amake Thecla, ndinanama kwa Mulungu. Ndinati mwana, ndapereka mbuzi. Mukuganiza kuti mtsinje sudziwa?"

"Mtsinje ulibe makutu. Mvuu sipita kutchalitchi. Inakugundani chifukwa munaponya ukonde pomwe inali ndi kamwana, mudzi wonse ukudziwa, ndipo Fernando anakuuzani kuti musayandikire."

Gidiyoni anagwetsa singano. Mawu amenewo palibe anali atamuuza pamaso chichitikire ngozi ija.

"Mukuti ndinamupha ndine?"

"Ndikuti mukumufuna Mulungu wokwiya chifukwa mukuopa kudzikwiyira nokha. Mwasenzetsa mwana mtolo wanu. Abusa anawerenga okha, inu mukumva, kuti munthu amaomboledwa. Mbuzi zanga zitatu zinapita. Mukufunanso chiyani?"

"Anatinso tidzaonera pamadzi."

"Ndiye kaoneni. Mwamuna wanji woopa madzi ku Kavalamanja? Anzanu akuseka. Lawrence akapereka malowo kwa wina, mudzapempha bwato kwa ndani? Mukapanda kulowa mawa, ine ndinyamula ana ndipite kwathu ku Mburuma, mutsale ndi abusa anuwo azikuphikirani."

Gidiyoni anapinda ukonde mosamala n'kuitana mwana wake, amene anali pakhonde ndi kope pamiyendo.

"Thecla, bwera. Mawa ndilowa pamadzi, amako atero. Njinga ija, ngati sindibwerako, musagulitse, adzakwere mng'ono wako akakula. Uzimvera amako. Mayeso ulembe bwino, usandiganizire."

"Taonani zimene mukuchitazi," anatero Dorika. "Mukutsanzika ngati mukupita kunkhondo. Iwe, bwerera kukope lako. Atate ako akudwala mantha basi."

Thecla anabwerera pakhonde. Kope analitsegula, koma tsamba silinatembenuke mpaka dzuwa kupendeka. Dorika anaona zimenezo, n'kuti ndi nkhawa ya mayeso.

Lolemba kutangoyera Gidiyoni anatenga nkhafi ndi ukonde n'kutsikira kudooko. Dorika anakatenga moto kwa aneba, anaphika phala ndi ufa wotsala uja kuti mwana asalembe ndi njala. Atalowa kukamudzutsa anapeza mphasa yopinda. Yunifomu inali pachingwe mmene anaichapira dzulo, mapensulo awiri osongoledwa ali pawindo.

Sanafunse munthu. Anathamanga, chitenje m'manja, mpaka pabwalo la abusa. Thecla anali atagwada pakhonde, akupaka polishi nsapato zakuda. Mwini nsapatozo, Loveness, mwana wa abusa wa kalasi imodzi ndi Thecla, anali atakhala pampando, atavala kale yunifomu, akudya chitumbuwa.

"Iwe, nyamuka."

"Ndabwera ndekha, amama. Palibe wandiitana."

"Ndati nyamuka. Nthawi yatha."

"Atate ali pamadzi. Akatulukamo ndibwera."

"Akatulukamo mayeso adzakhala atatha. Ukumva? Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikununkha nsomba chifukwa cha lero."

Abusa Robson anatuluka m'nyumba akumanga mabatani a malaya.

"Mukuona nokha, amai. Ine ndinamumasula. Mzimu ndiye wamubweza. Ndingathamangitse bwanji mwana wobwera yekha pakhomo la Mulungu?"

"Muuzeni apite. Mawu anu amawamva. Muuzeni kuti atate ake safa, kuti Mulungu analandira. Mawu awiri chabe, abusa. Ndagwada."

Ndipo anagwadadi, mawondo onse pafumbi, mkazi amene sanapemphepo munthu mchere.

"Sindingalonjeze m'malo mwa Mulungu," anatero abusa. "Ndingakhale wonama."

Dorika anadzuka n'kumugwira mwanayo m'chiuno. Thecla anakumbatira nsanamira ya khonde ndi manja onse awiri. Kamwana koonda kaja kanali ndi mphamvu ngati muzu. Dorika anakoka, anamenya zala, anatukwana, udzu wa denga ukugwera pamitu pawo.

"Amama, mukufuna atate afe? Mukanditenga ndipo iwo osabwerako, ndidzakhala bwanji? Ndidzakhala ndawapha ine."

"Sudzawapha iwe. Mwana sapha munthu ndi pensulo."

"Mukudziwa bwanji?"

Dorika amadziwa, koma kudziwa kwake kunalibe chaputala ndi ndime. Kutali, kusukulu, chitsulo chinalira. Loveness anavala nsapato zake zonyezimira, anagwadira atate ake kuti amupempherere, n'kuthamanga. Dorika anamasula manja.

"Abusa," anatero, mawu atamuphwa, "inunso tsiku lina mudzakwereko bwato. Ndikufuna ndidzaone amene mudzamuwinde."

Kunyumba sanapite. Anatsikira kudooko n'kukhala pamwala, osaphimba ndi kumutu komwe. Amai ena amabwera kudzatunga, kumupatsa moni, iye maso ali pamadzi. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi chomuzungulira ngati ntchentche. Mwamuna wake akapanda kubwera, ndiye kuti wafa atamukankhira yekha m'madzi. Akabwera wamoyo, aliyense adzati wapulumuka chifukwa mwana anabwerera kwa abusa, ndipo Thecla sadzachokanso pakhonde lija. Anayesa kupemphera. Anafika pa "Atate wathu" n'kuima, posadziwa kuti apemphe chiti.

Dzuwa litapendeka pang'ono, ana a sukulu anayamba kudutsa kumtunda, akukangana za mafunso. Posakhalitsa bwato la Lawrence linatulukira pakona ya chilumba, lolemera mpaka madzi kufika m'milomo. Gidiyoni anali kumbuyo, akupalasa, wamoyo, wathunthu. Pende ndi mcheni zinali mbwee m'bwato, nsomba zimene dooko lija linali lisanaone chiyambire chilimwe.

Asanatsike n'komwe, amai a padooko anali atamuuza kale za m'mawa. Gidiyoni anamvetsera, anayang'ana nsombazo, anayang'ana kumwamba. Kenako anagwada pamchenga wonyowa, manja m'mwamba, misozi ikutsika.

"Ndinamva ine," anatero. "Titafika pamalo paja mvuu inatulutsa mutu, inatiyang'ana, n'kumira. Ndinadziwa kuti china chachitika kumtunda. Mwaona, amake Thecla? Mwaona manje? Mulungu sanyengeka."

"Ameni," anayankha amai awiri atatu.

Gidiyoni anadzuka n'kuyamba kusanthula m'bwato. Anatulutsa mcheni waukulu kuposa yonse, wautali ngati mkono, mano ali pamtunda.

"Iyi ndi ya abusa. Ndikapereka ndekha."

Dorika anaimirira pamwala paja, anakutumula chitenje, n'kuiyang'ana nsombayo mmene amayang'anira nsomba iliyonse, kumaso ndi kumimba.

"Yabwino," anatero. "Mukampatse Thecla m'manja, ndiye akaiphike. Mukamuuze afulumire. Mwana wa abusa wachokera kumayeso, ali ndi njala."